Singano, magalasi ndi diresi la Esinati

Lolemba
Ulusi wakana kulowa m'singano kasanu konse. Singano za masiku ano n'zazing'ono mabowo, basi. Diresi la ukwati la Esinati, mwana wa mlongo wanga, likufunika Loweruka, ndipo ndinalonjeza pamaso pa abale onse. Mayi akunyumba akuti, "Bambo, kayezetseni maso kuchipatala." Ine, telala wa mu Insaca muno zaka zonsezi, kuvala magalasi ngati nkhalamba? Makasitomala andithawa. Maso ndiwakonza ndekha sabata ino:
- matemba m'mawa uliwonse
- karoti
- kuyang'ana mitengo yobiriwira

Lachiwiri
Karoti kumsika kulibe. Matemba ndadya mpaka malaya akununkha. Zakutali ndikuona bwinobwino, shapa, minibasi ya ku Cuamba, ndikuizindikira isanafike. Koma manambala a pa tepi yoyezera, mpaka nditambasule mkono wonse. Mkono ukufupika!

Lachitatu
Ndabwereka magalasi a a Saidi, mnzanga wogulitsa nsomba za ku Chiuta. Zaipiratu. Singano yasanduka utsi, mutu ukuwawa, ndipo mkono wakumanzere wa diresi ndausokera kumanja. A Saidi akuseka: "Angawa ndi oonera kutali, achimwene. Maso sabwerekana ngati khasu."

Lachinayi
Ndagula magalasi akuda kumsika, aja amavala a njinga zamoto. Dziko lada bii. Ndadzibaya chala, kadontho ka magazi pansalu yoyera. Esinati wabwera kudzayesa, ndamuuza kuti makina avuta. Wangoti, "Chabwino, malume," n'kutembenuka. Mtima wanga wawawa.

Lachisanu
Ndapita kuchipatala, podzera njira yakuseri kwa msika. Anamwino andiwerengetsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Akuti: "M'kati mwa diso muli kagalasi kofewa, kamene kamasintha kuti muone zapafupi. Munthu akadutsa zaka makumi anayi, kamayamba kuuma. Si matenda, bambo, ndi kukula." Andilembera nambala ya magalasi owerengera, ndagula. Ulusi walowa kamodzin'kamodzi! Mkono wa diresi ndaubwezera, pakadontho ndasokerapo duwa.

Loweruka
Ukwati. Esinati wawala, azimayi akufunsa za duwa lija. Magalasi ali m'thumba, palibe wawaona.

Lamulungu
Ndavala magalasi m'nyumba, ndikuonanso zovala zomwe eni ake sanatenge. Pali misoko iwiri: wina wokhota ngati njira ya woledzera, wina wowongoka bwino. Ndafunsa mayi akunyumba. Osadzutsa n'komwe mutu pa lichero la mpunga, ayankha: "Chaka chachiwiri chino. Mukapita ku bawo, ndimamasula n'kusokanso."

Manyazi alipo, chikondinso chilipo. Ndakalamba, ndavomera. Mawa ndikhala pakhonde ndi makina anga, magalasi pamphuno. Woseka aseke, mayi apumeko.