Masikipa a Dzina Lakale

Nzeru yonseyi inabadwira pansi pa mtengo wa mango ku Iloilo, dzuwa lili paliwombo, Rogelio atatsitsa kapu yachitatu ya tuba, mowa wa mgwalangwa wa kokonati. Anzake ankamutcha Loya. Sukulu sanapite nayo patali, koma anali ataima m'khoti kambirimbiri moti ankafunsa majaji za ana awo.

"Tamverani, pre," anatero kwa anzake awiri, Bungal ndi Tisoy, akujambula m'dothi ndi fupa la nkhuku. "Sitolo ya Ma'am Perlita, okongoletsa nyumba za mabwana aja. Muli nyali ziwiri zamkuwa za ku Italy. Mbuli imathyola chitseko. Dolo amalowera pakhomo, mlonda n'kumuchitira sawatcha."

"Zitheka bwanji zimenezo, Nong, mkulu wanga?" anafunsa Bungal, amene mano ake akutsogolo anatsalira pachigongono cha wapolisi wina.

Loya anasolola masikipa awiri achikasu, olembedwa PERLITA CURTAINS.

"Yunifomu ya antchito awo. Ndinaiona ndi maso angawa asananditsekere. Ine ndi iwe tilowa. Tisoy adikira panja ndi njinga yake yonyamula anthu, injini ikulira."

Anagunditsa makapu, ntchentche n'kubalalika.

Chimene Loya sankadziwa n'chakuti miyezi khumi imene iye ankadya mpunga wa boma, Ma'am Perlita anali kalikiliki kupha dzina lomwelo. Anatopa kutchedwa mayi wa makatani pamene tsopano ankakongoletsa mahotela athunthu. Sitolo anaitcha Casa Perla, chikasu chonse n'kuchifafaniza. Ndipo Loweruka limene anasankha akatswiri athuwa ndi lomwe ankavundukula chikwangwani chatsopano.

Anapeza khamu, mabaluni, nkhumba yootcha yathunthu, ndi wansembe akuwaza madzi odala. Antchito onse anali mbee, zoyera zokhazokha. Loya ndi Bungal ankaoneka ngati mapapaya awiri ogwera pa diresi la ukwati.

"Nong, tibwerere," ananong'ona Bungal.

"Yenda mwaufulu, iwe. Tukula chifuwa."

Sanaponde katatu, dzanja lodzaza mphete linali litagwira kale Loya pakhosi.

"Susmaryosep! Chikasu ichi ndinachikwirira ndekha, wachifukula ndani?" anatero Ma'am Perlita mokukuta mano. "Ndinu aganyu a kumakatani eti? Lowani umu wojambula asanakuoneni! Ndikutumizirani zoyera."

Anawakankhira m'chipinda chogona cha chionetsero, chitseko n'kuti phwa. Uku ndi uku kwa bedi, nyali zamkuwa zija zinali phuliphuli.

"Waona?" anatero Loya, misozi ya chimwemwe ikulengeza. "Mwini wake watiperekeza yekha. Nyamula!"

Ananyamula. Koma potembenuka, chitseko kunalibe. Khoma lonse linali matabwa osalala ofanana, opanda chogwirira, opanda mng'alu, monga amakondera anthu a ndalama. Anapapasa, anagogoda, Bungal mpaka ananunkhiza. Loya anasuzumira pawindo losatseguka, n'kuona Tisoy akukweza mayi wonenepa ndi madengu ake, ulendo wa kumsika. Kasitomala ndi kasitomala.

Kenaka mawu a alendo anamveka akuyandikira.

"M'zofunda!" analamula Loya.

Analumphira pabedi n'kudzifunditsa. Phazi la Bungal linagunda kabatani, bedi lija n'kuyamba kudzuka pang'onopang'ono, mwaulemu, mpaka linawameza m'khoma, mitu pansi miyendo m'mwamba.

Mumdima umo Loya anamva mawu a Ma'am Perlita, tsopano otsekemera ngati uchi.

"Ichi ndiye chonyadira cha Casa Perla. Masana ndi chipinda chochezera. Mukafuna kugona, chala chimodzi basi. Tadinani nokha, Ma'am Nenita."

Ma'am Nenita, mlendo wolemekezeka, anali mkazi wa mkulu wa apolisi, ndipo mwamuna wawo anali pambali ndi mbale ya nkhumba m'manja. Anadina.

Bedi linatsika mwaulemu womwe uja. Pamenepo panali amuna awiri achikasu, nkhope zofiira psuu, aliyense atafungatira nyali ngati khanda. Wojambula anathwanimitsa kamera. Bungal, posowa chochita, anamwetulira ndi nkhama.



"Perlita, bedili ndalikonda," anatero Ma'am Nenita. "Koma amunawa amabwera nalo limodzi?"

Mkulu wa apolisi anameza kaye nyama yake, n'kupukuta zala bwinobwino.

"Ayi, awa ndi katundu wanga wakale," anatero. "Dzuka, Loya. Kwathu kuja sitinasinthe dzina, ndipo bedi lako silibisala."