Chikwama Pakaliyala, Wodwala Pamachila

Chiparamba,
Fort Jameson,
6 Okutobala 1958.

Kwa Bwana Woyang'anira Zikwama za Panjinga,
Bungwe la Chithandizo Chofulumira m'Midzi.

Wolemekezeka Bwana,

Pepani kwambiri kuti ndikukuvutitsani. Ndikudziwa kuti muli ndi ntchito zazikulu, ndipo munthu wolekezera sukulu Sitandade 4 ngati ine sayenera kukudyerani nthawi. Kalatayi ndachita kuilembanso, chifukwa yoyamba inali ndi madontho a inki, ndiponso amayi akunyumba ataimva anati inali ndi mwano. Zonse ziwirizo ndachotsamo. Ndaipereka kunyuzipepala chifukwa mesenjala wanu anandiuza kuti makalata a anthu akuda amalowera khomo lakumbuyo, ndipo nditapita kumbuyoko ndinapeza loko.

Dzina langa ndine Andireya Shawa, mlimi wa mtedza. Ndine mmodzi wa anthu amene munawasankha chaka chatha kuti akhale othandiza odwala mwadzidzidzi kumidzi. Munatiphunzitsa kumanga bala, kenako amisiri anu anatenga njinga zathu ndi kumangirirapo chikwama chachikopa chokhala m'chitsulo. Ndili ndi zothokoza zingapo.

1. Ndikuthokoza chifukwa cha malo amene munasankhira chikwamachi. Munachiika pakaliyala. Mwina kwanu kaliyala ndi ponyamulira buledi, koma kuno ndiye ambulansi yathu. Njinga yangayi ndinaigula ndekha, ndipo chikwama chisanabwere inanyamulapo olumidwa ndi njoka, ana a malungo ali kumsana kwa amawo, ngakhale agogo ena amene anandilalatira njira yonse mpaka kuchipatala cha kuboma, nachira. Tinkangoyala bulangete pakaliyala, wodwala n'kundigwira m'chiuno. Tsopano pamenepo pakhala chikwama. Sichidwala, sichibuula, sichisanza pamalaya anga. Kunena zoona, sindinanyamulepo wodwala waulemu chotere.

2. Ndikuthokoza amisiri anu chifukwa cha ntchito yolimba. Mabawuti anawamanga, kenako anawaphwanya mitu ndi hamala kuti sipanala isagwire. Anatiuzanso kuti wochotsa chikwama adzatengedwa ngati wakuba katundu wa Bungwe, ndipo njinga idzalandidwa pamodzi ndi chikwamacho. Apa ndimasokonezeka pang'ono, Bwana. Njinga ndi yanga, msonkho wake ndimakhoma ndine, matayala akaphulika ndimamata ndine. Koma zikuoneka kuti chikwama chanu chinakwatira njinga yanga ukwati wa mutchalitchi, wosatha mpaka imfa, ndipo ine ankhoswe sindinafunsidwe. Aphunzitsi a kuno akuti Chitaganya cha maiko atatu chimene tilimochi chinabweranso motero, koma ine zandale sindizidziwa.

3. Ndikuthokoza kuti simunakondere. M'dera lathu munali njinga zitatu zoyenda: yanga, ya akatekisiti, ndi ya a Paison osula makasu. Pofuna anthu odalirika munasankha eni njinga onse, ndipo zonse munazikhomera zikwama. Motero lero tili ndi othandiza odwala atatu, koma chonyamulira wodwala palibe.

4. Za m'kati mwa chikwama sindidandaula. Muli mabandeji, thonje, ayodini ndi sizasi, ndipo ndimazipukuta Loweruka lililonse. Mulinso kapepala ka Chingerezi ndi Chibunu, chilankhulo cha azungu akummwera. Aphunzitsi anandimasulira kuti kakunena kuti matenda akakula tisamusunthe wodwala, koma tiimbe lamya kuti ambulansi ibwere. Nzeru imeneyi ndi yakuya. Lamya yapafupi imene munthu wakuda angaloledwe kuigwira ili kuchipatala komweko.

Lolani ndikuuzeni mmene ntchito yanu inayendera mwezi wa Juni. A Alfonsi, bambo wachikulire wa m'mudzi mwathu, anadzitema ndi nkhwangwa pamwendo akugwetsa mtengo. Ndinathamangirako ndi njinga, ndinatsuka bala, ndinamanga monga munatiphunzitsira. Magazi sanamvere bandeji. Panafunika kusoka, ndiye kuti kuchipatala. Tinayesa kuwakhazika pamwamba pa chikwama, anaterereka. Tinayesa pachitsulo chakutsogolo, mwendo unalowa m'masipoko. Pomaliza amuna anayi anadula nsungwi, napanga machila ndi bulangete, nawanyamula pamapewa. Ine ndinkatsatira pambuyo ndikukankha njinga, pakuti lamulo lanu likuti chikwama chisatalikirane ndi wodwala.

Mukanaona ulendo umenewo, Bwana, mukananyadira. Anthu thukuta kamukamu, a Alfonsi akuitana oyera mtima mmodzimmodzi, chikwama chili phee pakaliyala, chikuwala polishi. Pamene tinkadutsa pamsika wa Kapata, amayi ena ogulitsa masamba anafunsa ngati tikuperekeza mfumu yachizungu, ndipo mwamuna wina anavulira chikwamacho chipewa. Kuyambira tsiku limenelo anthu amachitcha Dona. Ndikamadutsa amandifunsa ngati a Dona adzuka bwino, ndi kuti kodi dzuwa silikuwawotcha. A Alfonsi anapulumuka, koma mwendo unauma. Akuti ndikuuzeni kuti bandeji yanu inali yoyera kwambiri, sanaonepo yotero.

Tsopano ndifike pa chimene chikundisowetsa tulo.

Mwana wanga wamkazi, Ketilina, ndi woyembekezera, ndipo mwezi wake ndi Novembala. Mwamuna wake ali kumigodi ku Kitwe. Mimba yake yoyamba inavuta. Azamba a m'mudzi atalephera, ndinamukhazika pakaliyala yomweyi n'kupalasa osapuma, ndipo asisitere anati tikanachedwa pang'ono tikanataya onse awiri. Mwana sanakhale moyo, koma Ketilina anabwerera kunyumba. Asisitere anatichenjeza kuti ulendo wina matenda akangoyamba tisadikire. Ndinapempha kuti akadikirire kuchipatala, koma anati malo odikirira kulibe. Ngolo ya ng'ombe ilipo, koma mvula ikagwa imatitimira padambo mpaka m'maekiselo. Machila munamva kale liwiro lake.

Amayi akunyumba, a Dolika, akuti ndine wamantha. Akuti mwamuna weniweni akanabwereka kale tchizulo kwa a Paison n'kugwetsa a Dona m'dzala. Sakunama. Ndine wamantha ndithu. Sindinalowepo m'khoti chibadwire, ndipo ndikaona chipewa cha kapaso, msilikali wa kukhoti, ndimapatuka njira. Tsiku lina ndinafika pogwira tchizulo, koma ndinangopukuta chikwama n'kubwerera m'nyumba. Komanso ndikachotsa, inu n'kulanda njinga, Ketilina adzakwera chiyani?

Sindikupempha galimoto. Sindikupempha malipiro, pakuti munatiuza kuti malipiro athu ndi ulemu, ndipo ulemuwo tikuudya mpaka lero osatha. Ndikupempha kapepala kokha, kokhala ndi chidindo chanu, kondilola kudula mabawuti anayi. Chikwama sindidzachitaya. Ndidzachisokera malamba ndi kuchibereka kutsogolo ngati khanda, mankhwala onse ali momwemo, kuti kumbuyo kukhale munthu. Ndayesa kale ndi thumba la mtedza lolemera chimodzimodzi, ndipo njinga ikuyenda bwino, mawondo okha ndiwo akugunda pang'ono. Mukafuna, tumani munthu adzaone.

Ngati zimenezi n'zosatheka, chonde tumizani kapepala kena, m'Chinyanja ulendo uno, kofotokoza mmene tingapindire mayi wapakati kuti akwane m'chikwama. Ndayeza ndi chingwe mbali zonse, ndipo nzeru zanga za Sitandade 4 zalephera.

Ndikupempha modzichepetsa kuti yankho lanu lindipeze lisanafike tsiku la Oyera Onse, pa 1 Novembala, chifukwa mitambo yayamba kale kusonkhana kumapiri, ndipo mwana wosabadwa sadziwa kuti ofesi yanu imatseka Loweruka masana. Mukakhala chete ndidzamva kuti mwakana, ndipo ndidzamvera monga mwa masiku onse. Ketilina tidzamunyamula pamachila, a Dona adzakwera njinga.

Pamenepo ndidzakhala ndi pempho limodzi lotsiriza. Mundilembereko dzina lanu m'zilembo zazikulu, pakuti siginecha yanu sitimatha kuiwerenga. Mwana akabadwira panjira tikufuna kumutcha dzina lanu, kuti anthu azikumbukira amene anakonza ulendowo. Akapanda kulira, a Paison alonjeza kulilemba pamtanda, ndipo iwo salakwitsa zilembo.

Ine wantchito wanu womvera, wopukuta chikwama chanu,

Andireya Shawa,
Wothandiza Odwala wa Panjinga, Chiparamba.