Malungo a Lole ya Ufa

Nkhani iyi ndaifotokozapo kangapo m'zaka zapitazi, koma nthawi zonse ndimadumpha pakati pake, pamene pali ine. Lero ndiifotokoza yonse, popeza ambiri mwa amene anaona ndi maso anabwerera kwawo nkhondo itatha.

M'zaka zimene abale athu a ku Mozambiki anathawira kuno, ndinali woyang'anira magalimoto pa bungwe lina logawa chakudya ku Mangochi. Ndinali nditangotenga dipuloma, ndipo ndinkakhulupirira kuti vuto lililonse lili ndi gwero lake, limene munthu wophunzira angalipeze atakhala pansi ndi pepala. Lole yathu yokwera ku Namwera ankayendetsa ndi Che Amidu, bambo wachikulire wa mawu ochepa.

Lolemba lina Che Amidu anandiuza kuti kamuvi kosonyeza kutentha kwa injini kagona, sikakudzukanso. Chimene chinafa ndi kachipangizo komangidwa pa injini kamene kamauza kamuviko za kutentha. Amakaniko amati sensa. Njira zinalipo ziwiri. Ndikanaitanitsa ya kufakitale ku Blantyre n'kudikira masabata awiri, kapena ndikanagula yapamsika, yotsika mtengo, n'kuimanga tsiku lomwelo. Ufa wa othawa nkhondo unayenera kufika Lachisanu m'mawa, kuti ugawidwe anthu asanalowe mumzikiti, ndipo ambiri ankanyamuka mbandakucha kuchokera m'midzi ya kumalire kudzaulandira.

Ndinalemba mzere pakati pa pepala, uku ubwino, uku kuipa (pansi pake ndinasainanso, ngakhale panalibe amene anandipempha kutero). Yapamsika inapambana. Wogulitsa, amene katundu wake ankadzera kumalire, anandipatsa kabokosi kolembedwa Chipwitikizi. Pamwamba pake panali liwu lakuti "ligeiros", ndipo ine ndinaliyesa dzina la kampani yolemekezeka ya ku Ulaya.

"Ilowa pa lole?" ndinamufunsa.

"Achimwene, imeneyi imalowa paliponse pamene pali bowo."

Inalowadi. Pomanga, Che Amidu anati, "Abwana, bwanji tingoyenda choncho mpaka ya ku Blantyre ifike? Injini imeneyi ine ndimaimva ndi khutu." Ndinawayankha kuti khutu silinalembedwe m'buku la malamulo a magalimoto.

Lachisanu ndinakwera nawo, kuti ndikaone ndekha zipatso za nzeru zanga. Titangowoloka mlatho, kamuvi kanali katapitirira kale pakati. Pofika m'tsinde mwa phiri kanakhala pofiira.

"Imani," ndinatero.

Che Amidu anaima. Anatsika, anagwira paipi ya madzi, anatchera khutu, kenaka anapukuta manja pa thalauza. "Siikutentha iyi, abwana. Bwerani mugwire."

Sindinagwire. Ndinawafotokozera, mofatsa ndithu, kuti dzanja la munthu limanyengedwa ndi zambiri, koma chida choyezera chilibe chifukwa chonamira. Tinadikira theka la ola. Titanyamuka, sitinathe makona atatu kamuvi kanabwerera pofiira.

Apa ndinaganiza motsatira ndondomeko. Injini ikatentha, choyamba kukayikira ndi madzi. Pamjigo wina wa m'mphepete mwa msewu ndinapempha amayi amene anali pamzere kuti atithandize. Anatipatsa ndowa zawo zodzaza, zimene anazidikirira chiyambire m'mawa, ndipo ine ndinazikhuthulira pa rediyeta imene inali yodzaza kale. Madzi anangoyenderera mumsewu. Mayi wina analankhula m'Chiyao, anzake onse n'kubisa nkhope m'zitenje. Ndinafunsa Che Amidu tanthauzo lake.

"Akuti ngakhale mwana wa chinamwali samusambitsa chonchi."

Tinapitiriza, ndipo kamuvi sikanasinthe maganizo. Madzi atalephera, chotsatira pa ndondomeko yanga chinali katundu. Ndinalamula kuti titsitse theka la matumba, Che Amidu akatule theka linalo, ine nditsale ndikulondera. Tinatsitsa matumbawo awiriwiri, ndipo lole inapita.

Ndinakhala pamwamba pa ufa wa anthu, padzuwa, m'mbali mwa msewu wa Namwera. Apanjinga ankandipatsa moni n'kufunsa mtengo wa thumba. (Mmodzi anandilangiza kuti malonda otere amayenda bwino kumsika.) Nthawi ya mapemphero inakwana, inapitirira, lole osabwerera. Ndinadziwa chifukwa chake: Che Amidu sakanasiya Juma, mapemphero a Lachisanu, chifukwa cha ine, ndipo ndinalibe pakamwa powadzudzulira.

Anabwera dzuwa litapendeka, ali ndi munthu wina kutsogolo. Anali bambo Jowakimu, mmodzi wa othawa nkhondo, amene kwawo anali makaniko wa malole kwa zaka zambiri. Ndinawazindikira nthawi yomweyo. Mwezi wapitawo anabwera ku ofesi kudzapempha ntchito, ine n'kuwabweza chifukwa analibe setifiketi.

Ndinayamba ndi kudzitchinjiriza. "Mwaona, Che Amidu? Katundu atachepa mwayenda bwino."

"Kamuvi kanali pofiira njira yonse, abwana. Ndinakaphimba ndi chipewa."

Bambo Jowakimu anapita ku injini. Anamasula sensa ija, anatseka bowo ndi kansalu, kenaka anapempha kapu ya madzi akumwa a m'chigubu chathu. Anaviika sensayo m'kapumo, waya wake uli wolumikizidwa, wina ataugunditsa kuchitsulo cha lole. Anauza Che Amidu kuti apotoze kiyi osaliza injini.

"Shefe, taonani kamuvi ka pa geji," anatero kwa ine. Shefe ndiye abwana m'chinenero cha kwawo.

Ndinakwera n'kuyang'ana. Kamuvi kananyamuka pang'onopang'ono, mwaulemu wake, mpaka kanaima pakati.

"Ndiye kuti madzi awa atsala pang'ono kuwira eti?" anafunsa. Anatulutsa sensa, anamwa madziwo onse, n'kubweza kapu. "Bokosi lake lilipo?"

Linalipo, chifukwa ine sinditaya bokosi. Analoza liwu lija ndi chala chakuda ndi oyilo.

"Apa alemba kuti ndi ya magalimoto ang'onoang'ono. Mwaveka njovu chipewa cha mwana, shefe. Sensa siikunama ayi, ikungoyankhula chiyankhulo china ndi geji yanu. Ngati ine ndi inu tsiku lija."

Ndinafuna kuti nthaka ing'ambike, koma nthaka ya m'phiri limenelo ndi miyala yokhayokha.

Tonse atatu tinakweza matumba aja. Pofika pamalo ogawira, pabwalo panali patatsala anthu ochepa. Amene mayina awo anali kumapeto kwa mndandanda anadikira mpaka atatopa, ndipo a kutali anabwerera ndi matumba opanda kanthu kuti mdima usawapeze m'njira. Mmodzi mwa iwo anali mkazi wa bambo Jowakimu, amene anasiya ana anayi kunyumba atawalonjeza phala.

"Musadandaule, shefe," anatero bamboyo. "Ndikawauza kuti lole inadwala malungo."

Sanaseke ponena zimenezi, ndipo chimenecho ndicho chinandipweteka kwambiri.

Loweruka tinazungulira m'midzimo kukapereka ufa khomo ndi khomo, kamuvi kali pansi pa chipewa cha Che Amidu. Thumba la kwa bambo Jowakimu ndinalisenza ndekha kuchokera pamsewu. Mayi wa pakhomopo anandilandira mwaulemu wonse, anayala mphasa, anagwada patali, nandifunsa ndi mawu otsika:

"Nanga odwala aja adzuka bwanji?"

Ndinayankha kuti apezako bwino.

Sensa ya kufakitale inafika patatha masabata awiri, ndipo anaimanga ndi bambo Jowakimu, amene setifiketi yawo sindinaifunsenso. Sindikunena kuti zapamsika zonse ndi zoipa. Ina ndinadzagulanso patapita zaka, koma nditapeza kaye munthu wondiwerengera bokosi. Chimene chimandisowetsabe mtendere ndi lipoti limene ndinalembera akuluakulu anga sabata imeneyo. Ndinalemba kuti chakudya chinachedwa chifukwa cha chipangizo cholakwika. Bodza silinalimo. Ndinangosiya kutchula kuti zipangizo zolakwikazo zinali ziwiri, ndipo chachikulucho chinakhala pampando wakutsogolo chitamanga tayi.