Malungo a Azakhali

Malemu akazi anga ankanena kuti pakamwa pangapa padzandigwetsa. Chaka chino pandigwetsadi, mpaka anthu a kutsidya kwa nyanja aona.

Mdzukulu wanga Felista akuphunzira pa univesidade ku Burazilu. Atafika kumeneko tulo tinamuthawa, chakudya sichinkalowa, mpaka anayamba kupita kwa mayi wina wa pasukulupo amene ntchito yake ndi kumvetsera ana ovutika mumtima (amati pisikologa, ine ndimangoti adotolo opanda jakisoni). Mayiyo anati sangathandize mwana bwino asakudziwa za kwawo, choncho anapempha kulankhula ndi wamkulu wa pabanja. Wamkuluyo ndine.

Ndinavala jekete la kutchalitchi, n'kupalasa njinga mpaka pachitunda cha ku Chipera pamene rede, netiweki ya telefoni, imagwira, kuti tilankhulane tikuonana pa telefonipo. Chipwitikizi changa chinathera kalasi yachitatu, ndiye womasulira anali Felista yemweyo.

Poyamba zinayenda. Anafunsa za chakudya, za mapemphero, ine ndikuyankha ngati mphunzitsi. Mayiyo akagwedeza mutu, ine kufufuma ngati finye. Kenaka anafunsa mmene timauzira munthu wakutali za maliro.

Apa ndinakonza kolala. Ndinati ife sitigwetsera munthu uthenga pamutu. Mwana akakhala pasukulu timati wakutiwakuti ali ndi malungo pang'ono, sangabwere pa telefoni, mpaka mwanayo atamaliza mayeso aja timati ezame. Ndinawonjezanso kuti ndife anthu anzeru (ndinaterodi).

Ndinadikira kuti amasulire. Zii. Ndinakweza telefoni m'mwamba, kuyesa rede yathawa.

"Agogo," anatero Felista, "azakhali aja mwakhala mukuti ali ndi malungo pang'ono, ali kuti?"

Azakhali akewo, amene anamulera mayi ake atamwalira, tinali titawaika kale. Banja lonse linagwirizana kubisa, ndipo amene anaopseza ana kuti asaulule ndine ndemwe.

Ndinayesa kutsokomola. Mwana analira, ine ndili pachitunda ndi jekete langa, mbuzi zikundiyang'ana. Mayi uja sanamve Chichewa chathucho, koma anasendeza mpando nakhala pafupi ndi Felista. Pambuyo pake ndinamva kuti anamufunsa mmene timalirira kwathu, nasonkhanitsa anzake ochokera kwathu kuno ku Mozambiki kuti akhale naye maliro. Ezame anamusunthira.

Felista sanandiyankhule mpaka chimanga chinacha. Pano amaimba, koma ndikangoti wina ali ndi chimfine amati, "Apatseni telefoni ndiwamve akupuma."

Sabata yatha mbuzi imene anandisungitsa yafa. Ndamuuza kuti ili ndi malungo pang'ono.