Ndipatseni Chipepeso Changa Ndikadali Moyo

Kwa a Msungichuma,
Bungwe la Eni Mafulati a pa Nambala 14, Maryhill

Bambo wolemekezeka,

Ndine uja wa fulati ya pamwamba, amene mumati ndimada nkhawa ndi zazing'ono. N'zoona. Unesi unandizoloweza kuyeza chilichonse, moti ndowa ya m'chipinda changa chogona ndimaiyezanso: Lachiwiri munadonthera madzi a mvula malita anayi ndi theka. Siling'i yafufuma, ndipo wokonza madenga akuti igwa chisanu chisanathe. Akufuna mapaundi 3,800. Mabanja asanu ndi atatu takhala tikusonkha mapaundi 40 pamwezi kwa zaka zitatu. Ndawerengera kanayi, m'thumba la denga muyenera kukhala 11,520. Lipoti lanu likuti 62.

Loleni ndikuthokozeni.

1. Zikomo chifukwa cha mzere wa "Zogwa Mwadzidzidzi" m'lipoti lanu. Mwa umbuli wanga ndinkayesa ndi matailosi ouluka ndi mphepo, osadziwa kuti ndi chipepeso cha maliro khumi ndi asanu ndi anayi akumudzi, kuphatikizapo a msuweni wa mkulu wa kwaya ya kutchalitchi kwanu, yemwe sakhala pano n'komwe. Inenso mayi anga atamwalira munandibweretsera envulopu. Ndinagwada, ndinalira, ndinathokoza. Linali denga langa lomwe.

2. Zikomo m'malo mwa a Doreen a fulati ya pansi, mbadwa ya muno mu Glasgow, omwe salumphitsa mwezi. Sakudziwa kuti penshoni yawo inagula bokosi la maliro ku Ntcheu ndi mbuzi ku Dedza. Ndikakumana nawo pa masitepe ndimangokamba za mvula, thukuta lili kamukamu.

3. Zikomo potiphunzitsa kuti uthenga wa pafoni woti "talandira, Ambuye adalitse" ndi lisiti lokwanira. Kukoleji sanatiuze. A Goodwill, ofufuza mabuku athu, anavomereza zonse tsiku limodzi, ndipo zoti ndi alamu anu zangochepetsa mtunda woyenda ndi mapepala.

4. Pemphero lanu lotsegulira msonkhano wapachaka linatenga mphindi 47, lipoti la zachuma mphindi zitatu. Ndani angafunse mkulu wa mpingo za malisiti atangonena kumene ameni?

Sindikunyoza mwambo, bambo. Ndangoona kuti kalata yanga ya denga yagona m'kabati yanu miyezi khumi ndi inayi, pomwe za maliro ndalama zimatuluka dzuwa lisanalowe, ngakhale pochita kusonkhanso mwapadera.

Tsono pempho langa ndi lochepa. Bedi langa lili pansi penipeni pa pofufuma paja, ndipo chipinda n'chaching'ono, kolisunthira kulibe. Poti tsiku lina mudzandilemba ndithu pa mzere wanu wokondedwa uja, chonde ndilembeni lero, mundipatsiretu chipepeso changa ndikapereke kwa wokonza denga. Ndikulonjeza kubweretsa lisiti, kuti mulioneko mmene limaonekera.

Ine wanu wolipira mokhulupirika,

Tawina Kachingwe (Mayi)
Fulati 3/2, pafupi ndi ndowa