Ng'ombe za Amalume Zinandiulula pa Koleji

Ndikanadziwa kuti wodzandiulula ndi ng'ombe, bwenzi nditangonena zoona tsiku loyamba lomwelo. Koma inu, manyazi ochita nawo kwanu ndi matenda oipa.

Ndinalowa koleji ya zauphunzitsi ndili ndi chikwama cha zipi wakufa, kathumba ka mtedza wokazinga, ndi mantha odzaza mtima. Kolejiyo ili kwathu konkuno. Kuchokera m'mudzi mwathu ku Mpingu, wa njinga yakapalasa amafika thukuta lisanayambe n'kutuluka komwe. Koma nditangolowa pageti ndinaona ngati ndafika dziko la eni. Aliyense anali ndi kagulu kake, a kwaya uko, a mpira uko, a mapemphero uko. Ine sabata yathunthu ndinkadya ndekha pakona, ndipo zinkandiwawa kwambiri.

Gulu limene linanditenga mtima linali la anyamata okhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi khitchini. Ankadzitcha a m'tauni. Mtsogoleri wawo anali Mada wa ku Eliya 18, mnyamata wa nsapato zoyera mbee ngakhale m'fumbi la Okutobala. Tsiku lina anandikodola.

"Aise, umangokhala ngati wafedwa bwanji? Kwanu n'kuti?"

"Ku Eliya 47," pakamwa panga panayankha ndisanapatume. (Kumeneko ndinali ndisanapondeko. Dzinalo ndinkangolimva kwa makondakitala a minibasi.)

"Ndiye ndiwe wathu! Khala apa."

Abale, kukoma kwake mawu amenewo! Ndinapeza benchi, ndinapeza anzanga odya nawo, ndinapeza ondisungira malo m'kalasi. Mtedza uja ndinaukankhira kunsi kwa bedi, n'kumaudya mobisa ngati ndaba. Ndinasiya kuwomba m'manja polonjera akuluakulu. Bodza likakoma limafuna linzake, ndiye tsiku lina ndinaloza zigafa za fodya kuseri kwa mpanda n'kufunsa kuti, "Kodi tinyumba topanda makoma ito n'ta chiyani?" (Ine amene, wosoka fodya kuyambira sitandade fo.) Anzanga ataseka, ndinawonjezera kuti ng'ombe ndimangoidziwa ikakhala m'mbale.

Lachinayi lina masana tili pabenchi pathu, pageti panalowa ngolo yodzaza nkhuni za kukhitchini. Ndinayamba kuzindikira kulira kwa tayala lakumanzere. Kenako ng'ombe zake, Bulaki ndi Sikoti, zimene ndinaziweta zili ana. Pamwamba pa nkhuni panali chipewa chamlaza, ndipo pansi pa chipewacho panali amalume anga, amene anandilera bambo atamwalira.

Ndinaphimba nkhope ndi kope. Koma amalume maso awo ndi akuthwa, mbuzi yawo amaizindikira ili kutsidya kwa dambo. Anandiona, nkhope yawo inawala, n'kukweza dzanja.

"Mdala uja akukudziwa, eti?" anafunsa Mada.

"Ayi, mwina akufuna njira ya kukhitchini."

Amalume anamva. Dzanja lija analitsitsa pang'onopang'ono, n'kukonza nalo chipewa ngati ndicho chimene analikwezera. Anatsika pangolo n'kulowa kukhitchini kukafunsa potsitsira nkhuni. Mumtima ndinamva kuwawa, koma sindinadzuke pabenchi.

Posakhalitsa wa kabaza wina anadutsa ndi njinga yamoto yophulika ngati mfuti. Sikoti ndi wamantha chibadwire. Anadzidzimuka, n'kukoka mnzake, ngolo yonse n'kuyamba liwiro kulunjika pa benchi yathu. Nkhuni zili gwa! gwa! m'mbuyo, atsikana akukuwa, a m'tauni anzanga balalabalala. Kutsogolo kwathu kunali ngalande yakuya, ndipo ndinadziwa kuti zikagweramo, Bulaki athyoka mwendo, ulimi wa amalume chaka chimenecho wathera pomwepo.

Sindikumbuka kuti ndinaganiza. Ndinangopezeka ndaika zala m'kamwa, n'kuliza mluzu uja wa kudambo, wautali wokhota kumapeto.

"Hoo, Bulaki! Hoo, Sikoti! Iwe Sikoti, ndikuswa!"

Ng'ombe zinaima nji. Ndiye Bulaki, chitsiru cha ng'ombe, anabwera ndi ngolo yake yonse mpaka pamene ndinaima, n'kuyamba kundinyambita dzanja, kenako malaya, uku akufwenkha m'thumba momwe kale ndinkamusungira zitsononkho zamchere. (Ng'ombe ya m'mbale sichita zimenezi, ndikuvomera.)

Amalume anafika osathamanga n'komwe. Anayang'ana ng'ombe, anayang'ana ine.

"Zikomo achimwene a m'tauni," anatero mwaulemu woopsa. "Koma ng'ombezi zili ndi mwayi. Mwazidziwa ndi maina omwe."

Ndinalakalaka ngalande ija ikanameza ineyo. Mawondo anagwada okha, manja anawomba okha. "Pepani amalume. Mwaswera bwanji?"

"Taswera, mphwanga. Amayi ako akuti mtedza ukatha unene."

Ndinadikira kuti anzanga ayambe kundiseka, ndibwerere pakona panga paja. M'malo mwake ndinaona Mada akuyandikira ngolo, nsapato zoyera zili m'ndowe, akuyang'anitsitsa goli.

"Madala, chingwe cha m'khosi mwa yofiirayi chalimba kwambiri, n'chifukwa chake ikuvuta," anatero, n'kuchimasula, n'kuchimanganso mfundo ya mwini ngolo weniweni.

"Aise Mada," ndinatero, "ku Eliya 18 mumaphunzira zimenezi?"

"Usandiyambe. Kwathu ndi ku Nambuma."

Wina anatsokomola n'kuti kwawo ndi ku Kabudula. Winanso ku Nsaru. Pagulu lonse la a m'tauni, wa m'tauni weniweni anali mmodzi yekha, ndipo ameneyo anali adakali m'mwamba mwa mango kufunsa ngati zapita. Tinaseka mpaka misozi, kenako tonse tinatola nkhuni za amalume. Madzulo ake ndinatulutsa mtedza uja kunsi kwa bedi, ndipo unatha nthawi yomweyo.

Anzanga ndinawapeza tsiku limenelo, enieni, ndipo dzina loti Wangolo linandikakamira mpaka kumaliza maphunziro. Koma amalume nkhaniyi sanaiiwale. Mpaka lero ndikafika kumudzi ndi taye wanga wauphunzitsi, sayankha moni wanga msanga. Amayamba atembenukira kukhola n'kuitana kuti, "Bulaki, tabwera udzaone mlendoyu ngati ali wathu. Paja iyeyu amayamba kudziwa iwe, ife pambuyo."