Chigubu cha Pansi pa Bedi

Lolemba

Ndamupeza Tadala pansi pa bedi akuyamwa chitsekero cha chigubu cha petulo! Mwana woti akadali wokwawa! Ndamutsuka mkamwa mpaka wakwiya, ndamununkhiza, ndamununkhizanso. Iye akungoseka ndi mano ake awiriwo.

Bambo ake akuti, "Ndikachiika panja achiba, nanga kabaza ndiyendetsa ndi madzi?" Zoona, petulo akusowa, pa filing'i mzere wake mpaka kukhota. Koma chipinda ndi chimodzi, mbaula ili pakhomo.

Nzeru ndili nayo. Ku Old Town kuli a Che Yusufu, makaniko, akubwereketsa njinga zamoto zoyendera magetsi kuti anthu aziyese sabata imodzi. Yako umasiya ngati chikole. Ndalira, ndanyanyala kuphika, bambo ake avomera.

Ubwino wake:
petulo ayi
mzere ayi
chigubu chichoka
ine ndigona tulo

Lachiwiri

Yabwera! Yobiriwira, yonyezimira, koma siilira. Ndili pa mpopi ndikuuza mtsikana wantchito wa a landilodi za apongozi anga, ndikungomva bambo ake kumbuyo, "Pitiriza, amayi angawo anatani?" Mayo ine! Yakale ija ndinkaimva ikadali kumsewu waukulu.

Koma chigubu chapita limodzi ndi njinga yakale. Ndakolopa pansi pa bedi ndikuimba.

Chimodzi chokha. Batire lake amalizula n'kulowa nalo m'nyumba, lalikulu ngati mwana wa mbuzi. Soketi tili nayo imodzi, pafupi ndi bedi. Lili ndi kagetsi kophethira. Tadala wakaona kale.

Lachitatu

Bambo ake abwera ndi nyama! Akuti adutsa mzere wa pa filing'i atakweza mapewa ngati nduna, anzawo ali padzuwa akudya chinangwa. Ya petulo ya lero yonse yatsala m'thumba.

Vuto lili pa siteji. Akabaza amakopa anthu poliza injini, vruu vruu. Yathuyi duu. Mayi wina akuti, "Achimwene, yanuyo yafa, ndikwera ya anzanu." Ndiye iwo ayamba kuliza ndi pakamwa. Bambo wa ndevu zake, vruu vruu pakati pa Old Town! Ndaseka mpaka mwana watsamwa bere.

Batire ndalitchinga ndi ndowa, mpando ndi sutikesi. Tadala akukankha ndowa.

Lachinayi

Mita ya magetsi yalira. Sitinaganizeko! Boyizi kota yathu kuno ku Area 47 ili pa mita imodzi ndi nyumba yaikulu. Mayunitsi atha a Gondwe, landilodi wathu, akuonera nkhani. Abwera ndi ndodo yawo, atavala jekete, atsatira chingwe mpaka pa batire.

"Mama, ine ndinabwera kuno pa lole ya boma kuchokera ku Zomba, nditakhalira mafayilo, kuno kuli tchire lokhalokha. Ndasunga alendi amitundumitundu. Koma mlendi wodya usiku wonse osapereka moni ndi uyu."

Ndagwada, ndapepesa, ndati agogo sitinadziwe. Tagula mayunitsi. Bambo ake akuti komabe n'zotchipa kuposa petulo. Kaya. Ine ndaona kuti lero ndiwo ndi bonya.

Lachisanu

Magetsi athima kuyambira mbandakucha. Batire silinakhute. Ndikuti musapite, akuti ifika.

Siinafike. Yathera pa chitunda cha ku City Centre, atanyamula mayi wa ofesi wa nsapato zazitali. Mayiyo wakana kutsika, akuti ndalipira kale. Amukankha ali pompo mpaka pageti! Anzawo akudutsa akuliza mahutala, wina akuti, "Aise, tikugawire magetsi m'botolo?"

Bambo ake abwera thukuta kamukamu. Ndawathira madzi osamba mwakachetechete, kuseka ndakasekera kuseri kwa bafa.

Magetsi abwera madzulo. Batire likutentha ngati mphika. Mtsikana wa a Gondwe akuti foni ya mlamu wake inaphulika pa tchaja. Foni, kanthu kakang'ono! Nanga chimenechi? Ndakhala ndikuliyang'ana, mwana kumsana.

Zoopa zanga tsopano:
batire
chingwe
a Gondwe

Loweruka

Ndapita ndi bambo ake kwa a Che Yusufu kukamva mtengo, mwina tingagule batire lachiwiri, lina lizitchajidwa kwina. Atchula. Ndinayesa akunena za njinga yonse, kani ndi batire lokha! Njinga yonse ndiye yathu ija ziwiri, uwonjezerenso mbuzi za kumudzi.

Akuti, "Mlongo, imabweza yokha ndalama. Oilo siifuna, petulo siifuna. Kungopirira zaka zingapo." Sakunama ayi, munthu wabwino, wamugulira Tadala mandasi. Koma amene angapirire zaka ndi amene ali nazo kale. Ife timapirira mpaka madzulo.

Pobwera tapeza a Gondwe amata kapepala pa mita. Sindinawerenge, ndadziwa.

Lamulungu

Yamagetsi tabweza, yakale yabwera, ikulira ngati chigayo, utsi tolo. Bambo ake akuisisita ngati mkazi wachiwiri. Chigubu nacho chabwera, chodzaza.

Ndaima pakhomo, ndati chikalowa ine ndi mwana tikwera basi ya kwathu lero lomwe. Takangana mpaka a Gondwe atuluka ndi buku la nyimbo m'manja. Atipatsa khola la galu wawo amene anafa, lili kumpanda uko, ndi loko yemwe. Akuti bola petulo, sakhudza mita.

Basi. Magetsi atikana, petulo tikhala naye, koma agona panja. Ndati ndipume.

Ndiye masana ano Tadala wagwira mpando, waimirira, wausiya. Wayenda! Taimba m'manja, bambo ake akuvina. Iye dzandidzandi, watuluka pakhomo, walunjika kukhola la galu.

Ndinkaopa wokwawa. Tsopano ndili ndi woyenda.